Kutsika miyala ya ku Chowe panjinga ngati wasenza ndowa

Dzino langa lakutsogolo n'loduka pakati. Anthu akaliona amaganiza kuti ndinamenyedwa kumowa, koma ayi, theka linalo ndinalisiya pamwala m'kanjira kachidule kotsika kuchokera ku Chowe, chaka chimene ndinagula mauntenibaiki yanga yoyamba pa kaunjika. Apo n'kuti nditapalasa kabaza zaka 7 pa boma la Mangochi pano, kunyamula amayi ndi madengu a usipa, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi kambirimbiri patsiku. Ndinkadziyesa katswiri wotheratu. Miyala sinandifunse n'komwe za zaka zimenezo.

Lero ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu, ndipo Lamlungu lililonse m'mamawa ndimakwera phiri. Anyamata ambiri agula njinga za magiya masiku ano, ndipo amabwera nazo kwa ine limu itapindika, chigongono chitasupuka, n'kumati njingayo ndi yachabe. Nthawi zambiri njinga ilibe mlandu.

Amene sadziwa Mangochi amayesa kuti kuno n'kwa mchenga ndi milambe basi. N'zoona kuti pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, m'mbali mwa Shire, m'poti see. Koma wolokani mlatho muloze ku Namwera, muone mmene msewu umakhotera pokwera Chowe. Nyanja ili pa mamita opitirira pang'ono 470 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya phiri la Mangochi, limene lili ndi mabwinja a linga limene Angerezi anamanga atagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895, imapitirira mamita 1,700. Mbali inayo, kwa Nankumba, kuyambira ku Nkhudzi kudzera ku Monkey Bay mpaka ku Chembe, ndi mapiri a matanthwe okhaokha. Mukangosiya tala n'kulowa tinjira ta anthu oyenda pansi, mwalowa m'dziko la miyala.

Tiyambe ndi njingayo, koma sindichedwapo.

Choyamba, dziwani dzanja limene likugwira buleki yakutsogolo. Musaseke. Njinga zathu za kabaza, komanso za kaunjika zochokera ku Japan kapena ku UK, buleki yakutsogolo imakhala kumanja. Zochokera ku America imakhala kumanzere. Ine yanga ija inali ya mtundu wachiwiriwu, ndipo sindinalabadire. Imani pambali pa njinga, finyani mbali imodzi, ikankheni, muone tayala limene lagwira. Ngati zasemphana ndi zimene manja anu anazolowera, wokonza njinga aliyense akhoza kusinthanitsa mawaya mphindi zochepa chabe.

Chachiwiri ndi mpweya. Ife a kabaza tinazolowera kupopa tayala mpaka kuti gwa ngati mwala, chifukwa kumbuyo kumakhala munthu ndi thumba la chimanga. Pamiyala tayala lotere limanjanja ngati mpira, silimamatira pansi. Liphwetseni pang'ono kuti lizikumbatira mwala. Koma mukaphwetsa kwambiri, chubu chimapanikizika pakati pa limu ndi nsonga ya mwala, n'kubooka timabowo tiwiri togundizana ngati mano a njoka. Mukaona timabowo totero musanamizire minga, vuto ndi mpweya wochepa. Ine ndimalemera makilogalamu 68, matayala anga ndi a mainchesi 26, ndipo ndimaika mpweya wa 30 psi (muyeso wa pakowerengera ka pampu) kutsogolo, 35 kumbuyo. Wonenepa awonjezere. Ngati pampu yanu ilibe kowerengera, kwerani njinga mugunde mwala wapakatikati mwapang'onopang'ono. Mukamva limu ikuti kho, popaninso kangapo.

Chishalo chitsitseni musanayambe kutsetsereka, mwina zala zinayi kapena kuposa. Chotsani sitandi, imakola miyala. Kaliyala ngati mulibe nayo ntchito tsikulo, isiyeni kunyumba. Chitsulo chimene tcheni chimamenyapo pogwedezeka chikulungeni ndi mphira wa chubu chakale, phokoso lichepa ndipo penti sachoka. Ponena za njinga zonyezimira zija zokhala ndi chisipuling'i chachikulu pakati, zotsika mtengo, ine ndimati chikomekome cha mkuyu. N'zolemera ngati ngolo, ndipo chisipuling'icho chimangokuponyani m'mwamba. Bola njinga yakale yolimba yokhala ndi mashoko kutsogolo kokha, ngakhale yopanda shoko n'komwe.

Tsopano nkhani yeniyeni, ya thupi lanu.

Tsiku ndinagwalo ndinali nditakhala pachishalo ndii, manja ataumirira pamahandulo ngati ndagwira mbava. Kutsogolo ndinaona chimwala choyera chili pakati pa njira. Ndinachiyang'anitsitsa, mtima uli phaphapha, ndipo njinga inalunjika pomwepo. Ndinafinya dzanja lamanzere ndi mphamvu zonse poganiza kuti ndi buleki yakumbuyo. Tayala lakutsogolo linangoti nga, ine n'kudutsa pamwamba pa mahandulo chamutu.

Ndili khale pansi, magazi ali chuchuchu mkamwa, kunatulukira mayi wina akuchokera kukasupe kumtunda, ndowa yodzaza ili pamutu, mwana kumsana, kuphazi patapata. "Pepani bambo, mwapweteka kwambiri?" Anatula ndowa, n'kundithirira madzi m'manja kuti nditsuke mkamwa. Nditathokoza ndinawasenzetsa, iwo n'kumapitirira kutsika njira yomwe ija inandigwetsa. Ndinawayang'ana mpaka anazimiririka. Mawondo amapindika n'kuwongoka, chiuno chimapita uku ndi uku, mapazi amasankha popondapo, koma mutu ndi ndowa zimayenda mzere umodzi ngati zili pamadzi. Ngakhale dontho silinatayike.

Zonse zimene ndikudziwa za kupalasa pamiyala zinachokera pamenepo. Njinga ndiyo mapazi, izivina mmene ikufunira. Miyendo ndi mikono yanu ndiwo mashoko enieni, oposa aliwonse ogula. Mutu wanu ndiwo ndowa.

Ndiye mukafika pamiyala, nyamukani pachishalo. Imani pamapedulo, onse awiri ali mulingo umodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo, osati wina pansi, chifukwa wapansiyo akagunda mwala mudzauluka. Phazi limene mumalidalira likhale kutsogolo. Zidendene zitsike pang'ono, kuti njinga ikagunda kanthu mapazi azikankhira m'mapedulo m'malo moterereka. Mawondo apindike ndipo atakasuke, njinga ipeze mpata wopendekera pakati pa miyendo yanu. Musaipanire chishalo ndi ntchafu. Zigongono zipindike zitaloza kunja, chifuwa chitsikire ku mahandulo. Kulemera kwanu konse kukhale kumapazi. Manja angogwira moti njinga isakupulumukeni, monga mmene mumagwirira nkhuku yamoyo: osaifinya, osaitaya.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, nditayamba kumuphunzitsa ndinkamuuza kuti agwedeze zala ali mkati motsika. Ngati zala sizikutheka kugwedezeka, ndiye kuti wauma thupi lonse. "Malume, ndikamasula manja ndigwa," ankatero. Ndinamutengera pakamtsetse ka miyala ing'onoing'ono kuseri kwa mudzi, n'kumuveka chipewa cha mlaza pamwamba pa helemeti, chosamanga. Ndinati tsika, chipewa chisagwe. Chinagwa kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anafika nacho pansi, akuseka yekha.

Pali langizo limene mudzamve kwa ambiri lakuti potsika muzibweza matako kumbuyo kwenikweni. Ndi loona theka. Pamtsetse woopsa chiuno chimabwerera kumbuyo ndithu, koma chifukwa njinga yaweramira kutsogolo pansi panu, inu mwangokhala pamwamba pa mapedulo pomwe munali. Mukachita kuthawira kumbuyo chifukwa cha mantha mpaka mikono kuwongoka, tayala lakutsogolo limapepuka, silimveranso chiwongolero, ndipo likagwera m'dzenje mikono yowongokayo imakukokani ngati chingwe. Tsikirani pansi, osati kumbuyo kokha.

Maso. Njinga imapita kumene mukuyang'ana, ilibe nzeru zina. Mukayang'ana mwala mugunda mwala, mukayang'ana phompho mudziwa nokha. Yang'anani mpata umene mukufuna kudutsapo, ndipo mukangoulowa maso apite kale pa wotsatira, mamita asanu kapena khumi kutsogolo malinga ndi liwiro. Zimene zili pansi pa tayala zatha kale, simungazisinthe.

Za mabuleki ndiye pamene anthu amandikanira kwambiri. Atamva nkhani ya dzino langa amati basi, buleki yakutsogolo ndi mfiti, ndipo ena amachita kuimasula. Kulakwa kwakukulu. Potsika, kulemera kumathamangira kutsogolo, choncho tayala lakutsogolo ndilo lili ndi mphamvu yoimitsa njinga. Lakumbuyo lokha limangokhukhuluzika, fumbi kobo, njinga osaima. Chimene chinandigwetsa si bulekiyo, koma kuifinya mwadzidzidzi, thupi lili pamwamba, tayala lili pamwala. Gwiritsani ntchito onse awiri, mofinya pang'onopang'ono ngati mukukama ng'ombe, zidendene zili pansi, chiuno chotsika. Ngati mabuleki anu ndi a disiki, chala chimodzi n'chokwanira. A mphira ogwira palimu amafuna ziwiri. Zala zotsalazo zisachoke pamahandulo.

Ndipo sankhani pofinyira. Chepetsani liwiro pamalo osalala musanalowe m'miyala, mukalowa masulani, makamaka yakutsogolo, tayala ligudubuzike momasuka. Mukatuluka finyaninso. Tayala limene lagwidwa buleki silikwera mwala, limaima pamwalapo. Chimodzimodzi pokhota: liwiro lithe musanakhote.

Apa pali chinthu chovuta kuchikhulupirira mpaka utachiyesa. Kuyenda pang'onopang'ono kwambiri pamiyala n'koopsa kuposa kuyenda ndi kaliwiro. Njinga yoyenda ngati nkhono imakodwa pakamwala kalikonse, chiwongolero chimapotoka, inu n'kugwera chammbali pamiyala yomweyo. Kaliwiro ka munthu wothamanga mopepuka kamanyamula tayala pamwamba pa mipata. Sindikunena zothamanga ngati wamisala, ndikunena liwiro loti tayala lisapeze nthawi yolowa m'dzenje lililonse.

Miyala yakuno si yofanana, ndipo uliwonse uli ndi khalidwe lake. Thanthwe louma, ngati aja a ku Nkhudzi ndi ku Cape Maclear, limaoneka loopsa koma ndilo bwenzi: ndi lokhakhala, tayala limamatira bwino kwambiri, mukhoza kufinyapo mabuleki bwinobwino. Thanthwe lomwelo likanyowa, kapena likakhala ndi ndere zakuda m'mene mumadutsa madzi, kapena kamchenga pamwamba, ndi sopo. Lidutseni mowongoka, osakhota, osagwira buleki, kapena tsikani. Miyala yokhazikika m'dothi, yongotulutsa mitu, ndi yokhulupirika. Nthawi zambiri kuli bwino kukwera pamwamba pake molunjika kusiyana ndi kuizemba uku ndi uku, chifukwa tinjira tapakati pake ndi timene timakola mapedulo ndi kung'amba tayala m'mbali. Yoipa kuposa yonse ndi yogudubuzika, yonga zibakera, imene madzi amasiya m'ngalande mvula ikatha, pamodzi ndi nsangalabwi. Pamenepo njinga imasambira. Ilekeni isambire, musalimbane nayo, chiwongolero chiloze kutsogolo, buleki yakutsogolo muikhudze mwaulemu kwambiri.

Ngalande zimenezi zimasintha chaka ndi chaka. Njira imene munaidziwa bwino mu Okutobala, pofika Epulo ndi ina. Chaka cha namondwe Freddy, 2023, ndinapeza kanjira kanga kena katasanduka chigwembe choti munthu n'kuimamo osaoneka. Mvula ikangotha, ulendo woyamba muziyenda ngati mlendo.

Mwala wotalika ngati njerwa yoimika, umene simungauzembe, umafuna kupepuza tayala lakutsogolo. Si kukoka ndi mikono ayi. Mukatsala pang'ono kufika, dinikizani thupi pansi, kenaka kankhirani chiuno kumbuyo msanga mikono n'kuwongoka. Tayala limanyamuka lokha. Likangokwera, bwererani kutsogolo ndi kupepuza mapazi kuti lakumbuyo litsatire osamenya limu. Yeserani pabwalo ndi chipika cha nkhuni mpaka zilowe m'magazi. Potsika sitepe ya mwala, fikani mowongoka, pang'onopang'ono koma osaima, chifuwa pansi zigongono zopindika, ndipo tayala likamagwera kutsidya kankhirani mahandulo kutsogolo ndi pansi, mikono itambasuke, mutu utsale pomwe unali. Ndowa ija. Buleki yakutsogolo musaiyandikire mpaka matayala onse atatera. Sitepe yopitirira bondo, ngati simunazolowere, isiyeni; pansi pa njinga pamagunda.

Kukwera kulibe zoopsa zambiri, koma n'kumene kumathyola zitsulo. Sinthani giya musanafike pokwera, miyendo ikadali yopepuka. Kusintha mutaponda ndi mphamvu ndiko kumadula tcheni, ndipo theka la matcheni amene ndimalumikiza pansi pa nimu paja anaduka motero. Musasankhe giya yopepukitsitsa pamiyala, tayala limangozungulira pamodzimodzi; yachiwiri kapena yachitatu kuchokera kopepuka imagwira bwino. Khalani pansonga ya chishalo, chifuwa chiweramire kutsogolo kuti tayala lakutsogolo lisadzuke, koma matako asachoke, chifukwa mukaimirira pamiyala yogudubuzika lakumbuyo limaterereka. Mukaona kuti pedulo igunda mwala, lekani kupalasa, bwezani mapedulo kumbuyo pang'ono, pondani theka, bwezaninso, mpaka mutadutsa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Samalani mbali yakumanja ya tayala lakumbuyo, pamene pamalendewera kachitsulo kosinthira magiya. Kakagunda mwala kamapindikira mkati, ndipo mukadzaika giya yopepuka kamalowa m'masipoko, n'kuthyola zonse nthawi imodzi. Podutsa pakati pa miyala iwiri, perekani mpata wochuluka kumanja. Pogoneka njinga, igonere kumanzere. Mukagwa, musanakwerenso, imani kumbuyo muone ngati kakadali kowongoka.

Kunsi kwa mtsetse uliwonse kuno kumakhala mchenga, poti ndi kumene madzi amautula. Anthu ambiri amapulumuka miyala yonse n'kudzagwera pamchenga, atamasuka mtima. Bwezani thupi kumbuyo pang'ono, musakhote, musagwire buleki, pitirizani kupalasa.

Kutsika njinga n'kuikankha si manyazi. Ine mpaka lero pali malo awiri amene ndimatsika nthawi zonse, ndipo ana a pamenepo amandidziwa, amayamba kuseka ndikadali patali. Malo achilendo oopsa, imikani njinga, yendani pansi muwaone, musankhe mzere, muonenso kumene mukagwere zikavuta. Ngati kumene mukagwereko ndi phompho, nkhani yatha. Kumapiri kuno mukathyoka mwendo, galimoto silifika. Adzakunyamulani pamachira mpaka kumsewu, ndipo chipatala chili kutali. N'chifukwa chake sindipita ndekha kumalo atsopano, ndipo kunyumba ndimanena njira imene ndalowera. Helemeti valani, yomanga bwino pachibwano. Ikanakhalapo tsiku lija dzino likanadukabe, koma chipumi sichikanasokedwa. Nsapato zikhale zotseka, za pansi pofewa. Patapata asiyireni mayi aja, iwo amadziwa kuyenda naye.

M'kachikwama ndimanyamula chubu chimodzi, zigamba ndi selushoni, pampu, zotsegulira tayala, ma Allen key, kolumikizira tcheni, kansalu koyera komangira bala, ndi kapepala ka pulasitiki kolimba kotchingira mkati ngati tayala lang'ambika m'mbali. Madzi malita awiri osachepera. Dzuwa la Mangochi mu Okutobala ndi Novembala si lamasewera, matanthwe amatentha ngati chiwaya, choncho ndimanyamuka kusanache, anzathu akamapita ku mzikiti m'bandakucha, kuti pofika 9 koloko ndikhale ndikubwerera. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, kukazizira, ngakhale mwera umakukankha pachifuwa ukamalowera kummwera.

Tinjira timeneti si tathu okwera njinga. Ndi ta amayi osenza nkhuni, ana a sukulu, mbuzi, ndi abambo otsika ndi matumba a makala amene mabuleki awo ndi chidendene chopondera patayala. Amenewo mukawamva kumbuyo patukani msanga, sangaime. Pokhota posaoneka kutsogolo lizani belu kapena kuwani. Njira ikadutsa pakhomo pa munthu, chepetsani liwiro, perekani moni. Ambiri kumtunda kuno amayankhula Chiyao, koma moni wa Chichewa amaulandira bwino, ndipo ndi omwewo adzakutoleni mukagwa. Msitu wowirira pafupi ndi mudzi nthawi zambiri ndi manda, musalowemo pofuna chidule. Ku Cape Maclear mapiri ambiri ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndiye funsani kaye kwa oyang'anira kumene njinga ikuloledwa. Mwala wa Mphini uli komweko ndi woona ndi maso, si wokwerapo ndi matayala. Ndipo nthochi zibiseni m'chikwama, anyani a kumeneko alibe ulemu.

Mukafika kunyumba musangoiponya njinga pakhonde. Zungulizani matayala muone ngati limu ikuvina pakati pa mabuleki. Finyani masipoko awiriawiri, lomasuka limangidwe lisanadule anzake. Gwirani buleki yakutsogolo n'kugwedeza njinga. Mukamva kho kho pakhosi pa foloko, pamasuka. Tcheni chipukuteni ndi kansanza, muthire mafuta pang'ono, kenaka mupukutenso, chifukwa mafuta ochuluka akasakanikirana ndi fumbi lakuno amadya zitsulo ngati tupa.

Lamlungu lapitali mphwanga uja anatsika malo amodzi mwa awiri amene ine ndimakankha. Ndinali pansi ndikumuyang'ana, njinga ikudumphadumpha pansi pake, mutu uli phee. Atafika anati, "Malume, bwererani mukayese, mzere wake uli kumanzere kwa chitsa." Ndinapita kukauona mzerewo. Ulipodi. Ndinamuuza kuti sabata yamawa, ndikasintha mphira za mabuleki.